Nkhope Yodikira pa Mzere

Achimwene anga a Lekeleni anapita ku Joni ndipo sanabwereko. Chinabwera ndi chikwama chawo, atachinyamula munthu wa lole amene anakana ngakhale kukhala pansi. Mtembo anali atauika komweko, pakati pa anthu osawadziwa. M'chikwamamo munali jekete, malamba awiri ndi laputopu yakuda yosweka galasi.

Pakhomo pathu panalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi, chifukwa anali munthu wothawa kamera. Ndiye tsiku limene ndinakayatsa laputopuyo pa golosale ya sola, achemwali anga a Esinala anakuwa. M'kangodya ka galasi kamene kanali kamoyo munaoneka chibwano ndi khutu limodzi, ndipo khutulo tonse tinkalidziwa. Kwina konseko kunali bii.

Amayi anali atayamba kale kudandaula za maso. Anawerama pa galasipo, kenako n'kubweza mutu.

"Kuwalaku kukundilasa," anatero. "Komanso chibwano chokha si mwana. Ndikufuna nkhope yonse, papepala, ndimuone maso angawa asanatsekeke."

"Ndipita pa boma," ndinayankha. "Ndipo sindibwera chimanjamanja."

Pakamwa panga pamathamanga kuposa miyendo yanga, n'kale lomwe. Ndinakulunga laputopu m'jekete la achimwene, n'kuuyamba ulendo.

Tauni yoyamba inali ya fumbi. Fumbilo linkalowa m'mano, m'buledi, ngakhale m'mawu a anthu. Kumeneko kunali kasitolo ka fotokope ka a Chimbalanga, bambo wamfupi amene ankangotafuna mtedza tsiku lonse. Anaitembenuza laputopu ija uku ndi uku.

"Ndi ya mtundu wanji?" anafunsa.

"Yakuda," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsamwa. Atapuma anandifotokozera kuti makompyuta ali ndi mitundu ngati anthu. Ya pa tebulo pawo inali Windozi, ina ya anthu olemera imatchedwa Maki, pomwe ya achimweneyi inali Linakisi, ndipo uliwonse uli ndi chiyankhulo chake. Anayesa kulowetsa fulashi kuti akokere chithunzi, koma mabowo onse a m'mbali anali akufa. Lamoyo linali limodzi lokha, la waya wa netiweki. Za kuitsegula m'mimba anakana, akuti zam'kati achimwene anazitsekera moti ukangozichotsa sizidzawerengekanso.

"Njira ndi imodzi basi, aphwanga. Pulinta yangayi ndinaimangirira ku Windozi. Yanuyo ibwere pa waya idzapemphe."

Tinalumikiza waya. Ndinakokera kawindo ka chithunzi m'kangodya kamoyo kaja, ndikupapasa ngati munthu wofuna machesi mumdima, n'kudina posindikiza. Pulinta inangoti zii. Pagalasi panabwera timawu tonena kuti ntchito ikudikira pa mzere.

Ndinati ndigone, mawa zitheka. Mawa linabala mawa linzake. Ndinayamba kusesa m'sitolomo, kenako a Chimbalanga anandiphunzitsa kudula waya ndi kundandalika timitsempha take ta mitundumitundu tisanalowe m'kamutu. Anandiphunzitsanso kuti makina aliwonse pa netiweki ali ndi adiresi yake ya manambala, ndipo awiri akakhala ndi adiresi imodzi amakangana mpaka onse kusiya kuyankhula. Zonsezo ndinazidziwa bwino, koma Windozi ija sinamve pempho la laputopu yanga. Mvula itagwa n'kuleka, a Chimbalanga anandiuza kuti nzeru zawo zathera pamenepo, ndikayese kutsogolo.

Kutsogoloko kunali tauni ya m'mapiri, kozizira, kumene nkhungu inkayenda mumsewu mpaka masana. Ndinapeza ofesi ya kalabu ya alimi. Mlembi wake, a Gwedeza, anali wamtali ndi wokayikira aliyense, ndipo ankamwa tiyi wopanda shuga m'botolo la jamu.

"Ndi ya mtundu wanji?"

"Linakisi," ndinatero, chifuwa chili nganganga.

Pulinta ya kumeneko sinali yomangirira ku kompyuta iliyonse. Inali ndi waya wakewake ndi adiresi yakeyake. Ndinafufuta adiresi ya kwa a Chimbalanga, n'kulemba yatsopanoyo, n'kudina. Makina anatsokomola. Pepala linatuluka, koma panalibe nkhope. Panali timizere tiwiri ta zizindikiro zosadziwika, timitanda, timabokosi ndi tinyenyezi. Linatuluka lina, linanso, ndipo pulinta sinalekenso. Mapepala anadzaza thireyi, anagwera pansi, anafika pa nsapato za a Gwedeza.

"Zimitsani! Mulibe dalaivala inu!"

Ine ndinayang'ana pazenera, kudepoti ya minibasi. Musandiseke, sindinkadziwa. Dalaivala amene ankanenayo ndi kapulogalamu kouza kompyuta mayankhulidwe a pulinta imeneyo. Popanda iko pulinta imamva phokoso lokha, ndipo imalemba phokosolo mokhulupirika. A Gwedeza anazula pulagi kukhoma, n'kundiuza kuti mapepala a mwezi wonse ndawathera ine, ndiye ndigwira ntchito mpaka mkwiyo wawo utaphwa.

Mapepala owonongekawo anawapereka kwa amayi a pamsika. M'mawa mwake ndinaona anthu akuyenda ndi mandasi okulungidwa m'zizindikiro zija. Ndinaima pakati pa msika, mantha atandigwira. M'timabokosi timeneto munali maso a achimwene, mphuno yawo, chipumi chawo, zitalembedwa m'chiyankhulo chimene palibe ankachiwerenga, ndipo mafuta ankalowerera. Mwamuna wina anapukutira pakamwa n'kuponya m'ngalande. Kuyambira tsiku limenelo mandasi sindidya.

Ndili komweko a Esinala anaimba foni.

"Iwe, amayi sakuthanso kulowetsa ulusi m'singano. Ukubwera liti?"

"Ndatsala pang'ono, achemwali. Inayamba kutulutsa mapepala."

Sindinaname, koma sindinanenenso zoona. Dalaivala wa pulinta ija sanapezeke m'laputopu, ndipo ndinatsika mapiri aja jekete lili kukhwapa.

Sindikumbuka kuti ndinafika bwanji m'tauni ya njanji. Ndimangokumbuka kuti sitima inkalira koma sinkaioneka, ndipo anthu ankadikira pa siteshoni atakhalira matumba awo. Pafupi ndi siteshonipo panali chipinda cha makompyuta cha a Nankhoma, mayi wamasiye wa magalasi okhuthala, amene ankakonza manetiweki a masukulu ndi maofesi a dera lonselo. Iwowo sanadikire kuti ndiyankhe.

"Ndi ya mtundu wanji? Musavutike, ndaiona." Anadinadina m'kangodya kaja, n'kupukusa mutu. "N'chifukwa chake Windozi sikuimva. Ilibe Samba imeneyi."

Mawuwo anandilowa molakwika. Kwathu, anthu akamachokera kumanda amasamba m'manja pakhomo la ofedwa asanabalalike. Ife sitinasambe, chifukwa kumanda sitinapiteko. Chikwama chinangolowa m'nyumba ndi fumbi lake la ku Joni. Ndinaganiza kuti mayiyu waona zimene ena onse sanazione, kuti chinthu cha womwalira sichingayankhule chisanasambe. Ndinatuluka, n'kunyika mpango wanga pa mpopi, n'kubwerera madzi akudontha.

"Mukufuna kutani?" anandigwira dzanja.

"Mwati isambe."

Anayamba kuseka, koma atandiyang'ana kumaso analeka. Anandikhazika pa benchi, n'kundifunsa mwini wake wa laputopuyo. Ndinawauza zonse. Anamvetsera magalasi ali m'manja, kenako anandifotokozera pang'onopang'ono kuti Samba ndi dzina chabe la pulogalamu, womasulira amene amaima pakati pa Linakisi ndi Windozi kuti zibwerekane pulinta. Anati kuiika si ntchito, tiyi asanazizire ikhala yatha.

Tinayamba kuiika. Laputopu inafunsa pasiwedi ya mwini wake.

Inkayaka yokha osafunsa kanthu, inkalola kuona, inkalola kusindikiza, koma kuti mulowe chatsopano inkafuna mawu a achimwene. Ndinalemba dzina la amayi, inakana. Ndinalemba dzina la mudzi wathu, la galu wathu wakale, la mtsikana amene ankamufuna asanapite, inakana. Ndinalemba langa, inakananso, ndipo pamenepo zinandiwawa kwambiri ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopusa. Ndinazindikira kuti munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi ubwana wonse anali ndi mawu amene sindinkawadziwa.

Kwa a Nankhoma ndinakhalitsa. Anandiphunzitsa ntchito yonse: kutsegula pulinta ya pa Windozi kuti ena aibwereke, kuika Samba, kusankha dalaivala woyenera, kuuza khoma lotchinga la kompyuta kuti lisabweze alendo. Tinkayenda limodzi m'masukulu, iwo patsogolo ndi chikwama cha zida, ine m'mbuyo ndi mpukutu wa waya paphewa. Anthu anayamba kundiitana bambo a kwa a Nankhoma, ndipo sitinawatsutse. Zinali zaka zabwino, ndinene poyera. Koma m'mawa uliwonse, ntchito isanayambe, ndinkalumikiza laputopu ija, kuyesa liwu latsopano, kenako kudina posindikiza. Mzere unkangotalika.

Tsiku lina a Esinala anaimba tili pa chakudya cha masana.

"Amayi akumathira mchere m'tiyi. Dzulo agwera pa mtondo. Iwe, uli moyo koma?"

"Ndatsala pang'ono."

Nditadula foni, a Nankhoma anaika supuni pansi.

"Pitani kwanu," anatero. "Ndikuperekezani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Amayi anu ali ndi mwana wamoyo."

"Ndinalonjeza."

"Munalonjeza ndani? Iwo, kapena khosi lanu loumali?"

Ndinapsa mtima, chifukwa ankanena zoona. Ndinawauza kuti munthu wolephera kutsegula kaloko kamodzi ka laputopu asamandiphunzitse za amayi anga. Anatsuka mbale yawo, n'kupita kusukulu ina kumene ankawadikira. Pobwera sanandipeze. Mpaka lero ndikamva sitima ndimaona msana wawo ndi chikwama cha zida chija.

Kuchokera pamenepo matauni anayamba kufanana. Kulikonse kunali chipinda cha zenera limodzi, pulinta pakona itafundidwa chitenje, ndi munthu wotopa akundidikira pakhomo. Tsopano wofunsa ndinali ine.

"Ndi za mtundu wanji?"

Kwina anali abusa a Maki yoyera ndi mlembi wawo wa Windozi, amene ankapatsirana fulashi ngati anthu odana opatsirana moto. Kwina chinali chipatala chaching'ono cha makompyuta a Linakisi opatsidwa ndi alendo, pomwe pulinta ili m'chipinda cha mkulu amene ankayenda ndi kiyi m'thumba. Kwina aphunzitsi ankadina kakhumi poona kuti sizikutuluka, ndipo ndikangokonza, mayeso omwewo ankatuluka kakhuminso. Ndinkayala waya, kugawa maadiresi, kuika womasulira, ndipo dzuwa lisanapendeke makina amene sankalonjerana ankakhala akumwera chitsime chimodzi. Anthu ankaomba m'manja. Ena ankati ndili ndi mankhwala.

Onse akasangalala ndinkapempha kanthu kamodzi, kuti ndilumikizeko yangayi. Ndinkasintha adiresi, kudina, kudikira. Pena pulinta inkafuna Samba. Pena inkafuna dalaivala amene ndinalibe, ndipo ndinkazula waya msanga zizindikiro zija zisanayambe. Kangodya kamoyo ka galasi nakonso kankachepa chaka ndi chaka. Khutu linamira mumdima, kunatsala chibwano, kenako theka la chibwano. Ndikatseka maso kuti ndikumbukire nkhope ya achimwene, inkabwera ya a Chimbalanga, kapena ya munthu amene ndinakhala naye pa minibasi.

A Esinala anaimba komaliza ndili pamwamba pa makwerero, waya ali kukamwa.

"Akumandizindikira ndi mawu tsopano," anatero. Anadikira kuti ndinene zija ndinkanena, koma sindinathe. Tinangomverana kupuma mpaka foni inaduka.

Anthu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha mpaka imvi zinamera, ndipo sindikudziwa ngati kunali kudekha kapena mantha obwerera. Ndikuganiza kuti pofika nthawi imeneyo ndinkaopa kuti zitheka.

Zinatheka m'katauni ka mvula yosatha, kumalire, kumene sindinkafuna n'kuimako komwe. Ndinabisala mvula pakhonde la sitolo yosindikiza mapulogalamu a maukwati ndi a maliro. Mwini wake, mayi Chikakwiya, anali wonenepa ndi wansangala, ndipo ankasenda chinangwa chophika pa kauntala. Anaona jekete lotupa kukhwapa kwanga.

"Muli ndi chosindikiza, bambo? Lowani, mukunyowa."

"Simufunsa kuti ndi ya mtundu wanji?"

"Aaa, yathuyi siifunsa mtundu. Yangobwera kumene. Aliyense imamumva. Waya ndi uyo."

Ndinamwetulira mwachipongwe, monga amachitira munthu wodziwa zambiri. Ndinalumikiza kuti ndingowaonetsa. Ndinalemba adiresi, ndinasankha mayankhulidwe wamba amene laputopu inali nawo kale, ndipo ndisanadine n'komwe pulinta inadzuka.

Pepala linatuluka pang'onopang'ono, chafufumimba. Ndinalitembenuza. Linali lofunda ngati tsaya la munthu.

Papepalapo achimwene anali atavala chipewa choluka, ataima pa khoma la njerwa, akuseka ndi kampata kawo ka m'mano kamene ndinali nditakaiwala. Anali mnyamata. Achimwene anga aakulu anali mnyamata woti ndikanatha kumubereka ine. Ndinakhala pansi pa simenti.

Pulinta sinaime. Ntchito zonse zimene zinkadikira pa mzere, za ku fumbi, za kunjanji, za m'zipinda zonse za zenera limodzi zija, zinayamba kutuluka motsatizana. Nkhope, nkhope, nkhope. M'mawa uliwonse umene ndinadina unabwera kudzandilonjera. Ndinadzuka kuti ndizule waya, koma mayi Chikakwiya ananditchinga ndi mkono.

"Asiyeni atuluke," anatero. "Ndi abale anu?"

"Achimwene anga."

"Adikira nthawi yaitali. Asiyeni."

Anawonjezera mapepala kawiri konse. Itamaliza, anandimangira mtolo wonsewo m'pulasitiki kuti usanyowe. Laputopu ndinaisiya pa kauntala pawo, ndipo sindinaicheukire.

Njira ya kwathu inali yaifupi mochititsa manyazi. Ndinkaganiza kuti ndafika kumapeto a dziko, koma minibasi zingapo zokha zinanditula pa golosale ija dzuwa lili pamutu. Ana amene sindinkawadziwa anandiperekeza ndi maso. A Esinala ndinawapeza akupeta chimanga, tsitsi lawo lili mbuu. Anandiyang'ana, anayang'ana mtolo, n'kuloza kukhonde ndi mlomo.

Amayi anali pa mkeka, atatsamira chipupa, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera dzuwa. Maso awo anali oyera ngati madzi a mpunga. Ndinagwada.

"Amayi, ndabwera."

"Ndani?"

Ndinatchula dzina langa.

"Mawu asintha," anatero.

Ndinamasula pulasitiki, n'kuika pepala limodzi m'manja mwawo. Ndinawauza kuti ndi a Lekeleni, nkhope yonse, ndipo alipo ambiri, okwana nyumba iliyonse ya pamudzi. Analisisita ndi zala kuchokera pamwamba mpaka pansi, analitembenuza, n'kusisitanso kumbuyo kopanda kanthu. Analinunkhiza.

"Likuzizira," anatero. "Akuseka?"

"Akuseka, amayi. Avala chipewa."

"Chabwino."

Analiika pambali pa mkeka mosamala, n'kulipsinja ndi chikho kuti lisauluke. Kenako anatambasula manja onse awiri kutsogolo, akufufuza mumpweya.

"Sendera kuno."

Ndinasendera. Zala zawo zinayamba pachipumi panga, zinatsata makwinya, zinatsikira m'masaya olowa, zinaima pa ndevu. Zinabwereranso pamwamba n'kuyambiranso, ngati munthu amene wasochera m'munda wake womwe.

"Uyu wa papepalayu ndinamuona mpaka tsiku lonyamuka, ndipo m'mutu mwangamu sanachokemo," anatero. "Koma ndevu izi zinamera liti? Mano awa anaguluka liti? Maso ndinali nawo zaka zambiri utachoka, mwanawe. Ndinkakhala pompano."

Ndinafuna kuyankha, koma chala chawo chinali pamlomo panga.

"Ndinakutuma nkhope imodzi," anatero. "Iwe unachoka nazo ziwiri."